Dorica Mbewe, Nesi Amene Ankachiza Ana ndi Mkwiyo

Amayi a ku Sinda amene anagonekapo mwana m'wodi ya Dorica Mbewe amanena zinthu ziwiri: kuti manja ake anali odala, ndi kuti mano ake sanawaonepo. Zonsezo n'zoona. Koma amene amati anali mkazi wachifundo akungolankhula poti pakamwa m'pawo. Dorica ankachiza ana ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali ndi mwini wake, mayi wina wa kumbali ya Mkaika, dzina lawo aNasakala.

ANasakalawo anali apongozi ake. Dorica anabadwira kufupi ndi Sinda, anaphunzira mpaka Sitandade 4, kenaka anakwatiwa ndi Josephat. M'malo moti mwamunayo adzakhale chikamwini, abale ake anadzapempha chitengwa, Dorica n'kusenza katundu wake ulendo wa kuchimuna. Atabereka mwana wamwamuna, Obed, Josephat anakwera lole ya ku Wanki kukakumba malasha, n'kusiya mkazi ndi mwana m'manja mwa amake.

Manja akewo ndiye anali ovuta. ANasakala anali mayi wa Chigwirizano, woyambitsa nyimbo m'tchalitchi, koma miyambo ya makolo sanatayepo ngakhale umodzi. Baibulo linkakhala pamwamba pa dengu, mizu pansi pake. Pakhomo pawo nkhuku zinali mbwee, koma mwana kulawa dzira ayi, akuti angadwale khunyu. Nyemba akuti zimatupitsa mimba, nsinjiro zimatsegula m'mimba. Dorica atadwala malungo mpaka mawere kuuma, Obed anatsala pa phala loyera la madzimadzi, m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa mapazi ake anatupa, masaya anatupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka. Anamwalira m'dzinja la 1953, chimanga chisanamasule.

Tsiku lometa, anthu ali phee pabwalo, aNasakala anayamba kulankhula akuyang'ana pansi.

"Mwana satupa chabe. Uyu anachita kumudula."

Panalibe wofunsa tanthauzo. Aliyense ankadziwa kuti mayi akagona ndi mwamuna wa kutchire kenaka n'kudzathira mchere m'chakudya cha mwana, mwanayo amatupa ndi mdulo. Josephat anali atachoka chaka chathunthu. Maso onse anagwera pa Dorica, amene mutu wake unali usanathe n'kumetedwa komwe.

Akulu a mpingo, motsogozedwa ndi a Zakeyo, anati iwo za mdulo saweruza, ndi zachikunja, koma ngati pali umboni wa chigololo aumva. Apo mpamene aNasakala anakumbukira mwadzidzidzi kuti m'mawa wina anaona mkukuluzi wa matayala a njinga kuseri kwa nyumba ya mtengwa wawo. Basi nkhani inathera pomwepo. Dorica anamuika pa chilango: asayandikire Mgonero mpaka atalapa ndi kutchula mwamunayo.

"Ndimutenge kuti mwamunayo, abambo?" anafunsa Dorica. "Ndimuumbe ndi dothi?"

A Zakeyo anati kuuma mtima nakonso ndi tchimo. Josephat analemba kalata ya mizere inayi yomusudzula, ndipo Dorica anabwerera kwawo ndi dzina la mkazi amene anapha mwana wake ndi chigololo.

Kufupi ndi kwawo kunali kachipatala ka mishoni. Anakapempha ntchito yochapa nsalu za odwala, ndipo Sisita wachizungu amene ankayendetsa chipatalacho anamulandira osafunsa zambiri, poti ofuna kuchapa zonyansa za anthu ena sankachita kulimbirana. Tsiku lina akutola nsalu m'wodi ya ana anaona kamtsikana kotupa mapazi ndi masaya, tsitsi lofiira, ndendende Obed. Anadziuza kuti aka sikafika Sabata. Sabata inakwana, inanso inakwana, ndipo patatha mwezi kamwanako kankathamangitsa nkhuku pabwalo la chipatala.

Dorica anamutsekera njira Sisita pakhonde. "Amake analapa kwa ndani?"

Sisita, amene Chichewa chake chinali chopindika ngati mpini wa khasu, anamufotokozera kuti panalibe cholapa. Matendawo ndi njala ya thupi. Mwana akangodya phala loyera amakhuta, koma thupi limasowa zomangira. Mankhwala ake ndi mkaka, nsinjiro, nyemba, dzira.

"Dzira?"

"Limodzi pa tsiku."

Dorica anapita kuseri kochapira n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Ankaona nkhuku za aNasakala zikutetera m'chitele, mazira akuwolera m'zisa, Obed atakhala pansi pomwepo akutupa. Misozi itauma, m'malo mwake munalowa chinthu chouma gwa, ndipo sichinachokenso. Analumbira kuti aNasakala adzameza mawu awo pamaso pa anthu omwe aja anawamva akunama.

Kuyambira pamenepo anakakamira m'wodi ya ana ngati nkhupakupa. Akatha kuchapa ankathandiza kumwetsa, kusambitsa, kuika ana pa sikelo. Sisita ataona kuti amawerenga bwino anayamba kumuphunzitsa, ndipo patatha zaka zitatu Dorica anavala yunifolomu yoyera ndi kachipewa kake.

Anesi anzake aliyense anali ndi chomudzutsa m'mawa. Wina ankagwira ntchito akamva nsapato za Sisita pasimenti, zikapita nayenso manja lende. Wina ankadikira mphunzitsi woti amukwatire. Wina ankati akugwirira korona wa kumwamba, koma koronayo ankamulola kuwodzera masana. Dorica yekha sankafuna womuyang'anira. Mwana wotupa amakana kudya, amangolira mong'ung'udza n'kutembenuza nkhope, ndipo ambiri ankatopa naye pa supuni yachitatu. Dorica ankakhala naye ola lathunthu, kasupuni kamodzikamodzi, nsagwada zili gwa. Mwana akasanza, ankayambiranso. Kwa iye mwana aliyense wochira anali mboni pa mlandu wake, ndipo mboni sailekerera kuti ife.

Amayi ankamuopa. Akapeza mayi akudya yekha dzira la mwana, wodi yonse inkamva. Potuluka, aliyense ankamuperekeza mpaka pachipata ndi mawu amodzimodzi: "Mukawauze a kwanu kuti si mdulo. Mukanene kuti wanena ndi Dorica Mbewe." Sisita ankauza alendo a mishoni kuti mwa mkazi ameneyu muli chikondi cha Khristu, Dorica n'kungoyang'ana kumbali. Sisitayo anayesa kulembera akulu a mpingo uja kalata yomuyeretsa. Yankho linabwera laulemu kwambiri: kalata ikunena za matenda, koma matayala a njinga anaonedwa ndi maso. Choncho tsiku lililonse la Mgonero Dorica ankakhala benchi lakumbuyo, atavala dala yunifolomu yake yoyera, mbale ya mkate n'kumamudutsa. Zinatero zaka zisanu ndi zitatu.

Mlandu suola. Tsiku lina m'mawa, mu Okutobala wa 1961, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, pakhonde la wodi panafika amayi awiri ndi mwana. Wamng'onoyo anali Selina, mlongo wake wa Josephat. Kumbuyo kwake, atakalamba, atawerama, koma mlomo uli womwe uja, kunali aNasakala. Anali atasiya chipatala cha kufupi ndi kwawo n'kubwera kutali kuno kuti asakumane ndi owadziwa. ANasakala atakweza maso n'kuona amene wavala kachipewa, anakhala pansi pasimenti.

Mtima wa Dorica unavina. Sanachite nawo manyazi mtimawo, anausiya uvine.

"Mwayenda bwanji, amayi?" anawapatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kupinda bondo.

"Tayenda bwino, aNambewe," anayankha aNasakala.

Mwana wa Selinayo, Ezara, anali wa chaka ndi miyezi isanu. Dorica anadina phazi lake ndi chala, chala chinasiya dzenje.

"Mlamu, mwanayu anasiya liti kuyamwa?"

"Miyezi itatu yapitayo," anatero Selina.

"Mawere anauma?"

Selina anayang'ana amake. Amake anayang'ana denga. Dorica anayang'ana mmene Selina anamangira chitenje, m'mwamba pansi pa mawere, ndi mmene ankapumira. Anesi a zaka zambiri sachita kuuzidwa. Mkazi akaima, akuluakulu amamuletsa kuyamwitsa, akuti mkaka wasanduka poizoni.

"A Rabson amuna anu akadali ku Luanshya?"

"Eya."

"Anabwera liti komaliza?"

"Chaka chatha, pokolola," Selina ananong'ona.

Chaka ndi miyezi isanu mwamuna kulibe, mimba ya miyezi inayi. Dorica anafuna kululutira. Mwana wamkazi wa mayi woyambitsa nyimbo! Bwenzi pofika Sabata nkhani itafika ku Mkaika, itadutsa Katete, itakwera basi mpaka ku Luanshya.

Koma masana, atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, chimwemwecho chinamuwawira m'kamwa. Akaulula, anthu adzati chiyani? Adzati onani, Selina wachita chigololo, mwana watupa. ANasakala ankanena zoona, mdulo ulipo, ndiye kuti Dorica nayenso anachitadi. Chida chimene chikanagwetsa mdani wake chikanayamba kudula iye mwini. Panali njira imodzi yokha: Ezara achire ndi chakudya chokha, aNasakala akuona, ndipo chinsinsi cha Selina achisunge iyeyo, Dorica, munthu amene ankalakalaka kuchilengeza ndi ng'oma. Anakukuta mano mpaka mutu unamupweteka.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, Sisita atapita kukapuma, Dorica anaona kuti bedi la Ezara lili lokha. Anawapeza kukhitchini ya odikirira odwala. Selina ankatakasa phala m'kamphika, aNasakala akuthiramo ufa wa mizu ndi mchere, monga mwambo umanenera kuti wolakwayo aphike yekha ndi mankhwala kuti mwana amasuke. Dorica anaphula kamphikako n'kukhuthula pansi, agalu n'kuthamangira.

"Mwana wanga afa!" analira Selina.

"Mlamu, tengani mwana mubwerere ku wodi. Ndili ndi mawu ndi amayi."

Atatsala awiri, Dorica anaima pakhomo kuti kuwala kusalowe.

"Mukufuna achire kuti mukanene kuti yamuchiza ndi mizu yanu. Pano sizitheka. Mwanayu achira ndi mkaka ndi dzira, ndipo dziralo muziswa ndinu, ndi dzanja lanu, m'mawa uliwonse. Muzimudyetsa ndinu."

"Dzira kwa mwana? ANambewe, muopeni Mulungu."

"Ine ndimuope? Njinga ija inali ya mtundu wanji, amayi? Yakuda? Inali ndi belu?"

ANasakala anagwada pa phulusa, mayi wa msinkhu umenewo, n'kuyamba kuomba m'manja. "Zakale zinapita, mwana wanga. Ndikupepesa pano, tili awiri."

"Munandinamizira tili awiri? Tamverani. Ezara akachira, mukaima m'tchalitchi chanu, pamaso pa a Zakeyo ndi mpingo wonse, mukanena kuti njinga kunalibe. Mukanena kuti Obed anafa ndi njala nkhuku zanu zikuikira. Mukakana, ndilembera a Rabson kalata ndi dzanja langa, ndipo ndimalemba zooneka bwino."

Kalatayo sakanailemba, pa chifukwa chimene anachiona pansi pa mango chija. Koma aNasakala sankadziwa zimenezo, ndipo Dorica sanaone chifukwa chowathandizira kuganiza.

M'mawa uliwonse Dorica ankabwera ndi dzira lowiritsa m'mbale n'kuima chilili. ANasakala ankaliswa n'kulinyenya m'phala la nsinjiro, milomo ikupemphera chamumtima kuti khunyu lisabwere. Dorica ankayang'ana dzanja lokwinyikalo n'kumva kukoma ngati akudya uchi.

Sabata yachiwiri zinthu zinatembenuka. Ezara anatsegula m'mimba, anakana chilichonse, maso analowa. Sisita anapukusa mutu n'kunena kuti ana ofika mochedwa chonchi ambiri sabwerera. Dorica anachita mantha amene anali asanawamvepo pa ntchitoyi. Mwanayu akafa, aNasakala adzapita kwawo akunena kuti dzira la Dorica lapha mdzukulu wachiwiri. Anapempha anzake kuti amugwirire ana enawo, iye n'kukhala pa Ezara yekha masiku anayi, akumudonthezera madzi a shuga ndi mkaka wosungunula pakona ya mlomo. "Iwe, sufa," ankamuuza. "Ukafa undidziwa." Nthawi ina kamwanako kanagwira chala chake n'kukakamira, ndipo Dorica anadzidzimuka kupeza kuti akukaimbira nyimbo imene ankaimbira Obed. Anasiya msanga, n'kukalipira Selina kuti thewera lanyowa.

Tsiku lachisanu Ezara anameza supuni zisanu ndi imodzi. Kutupa kunayamba kuphwa, mwana n'kuoneka mafupa okhaokha, aNasakala n'kuyamba kulira kuti akutha. Dorica anawauza kuti atseke pakamwa, amene akuchokawo ndi madzi. Patatha masabata atatu, m'mawa wina aNasakala akumudyetsa, Ezara anawalanda supuni n'kumwetulira. Anesi onse amadziwa kuti mwana wotupa akamwetulira ndiye kuti manda amukana.

Selina sanabwererenso kumudzi. Amake anamukweza basi ulendo wa ku Vubwi, kwa amalume ake a kumalire, akuti akathandize kulima, ndipo za kumeneko Dorica sanafunse. Pa Sabata yoyamba ya Disembala Dorica anapempha tchuthi, anasita yunifolomu yake mpaka inaima yokha, n'kupita kumudzi kumene anachoka akulozedwa zala.

Tchalitchi chinadzaza. Mapemphero atatha, a Zakeyo, imvi zili mbuu, analengeza kuti mayi wina ali ndi mawu. ANasakala anaimirira ndi Ezara m'manja. Mawu amene ankayambitsa nyimbo aja tsiku limenelo ankamveka ngati a udzudzu.

"Sitikumva kumbuyo kuno!" anatero Dorica ali pa benchi lomaliza.

ANasakala anakweza mawu. Ananena kuti matayala a njinga sanawaone. Ananena kuti mdzukulu wawo Obed anamumana mazira ndi nsinjiro ndi iwo, ndi kuti uyu ali m'manjayu anatupa chimodzimodzi koma wachira ndi chakudya. Amayi a Chigwirizano anagwira pakamwa. A Zakeyo anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati mpingo unasokeretsedwa, chilango cha Dorica Mbewe chachotsedwa, ndipo aNasakala ayambe akhala kumbuyo. Dorica ananyamuka n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo, nsapato zikulira, ndipo anadutsana ndi apongozi ake pakati pa tchalitchi. Zinamukomera. Asakunamizeni munthu kuti kubwezera sikukoma.

Panja anthu anamuunjirira ndi moni, omwe aja ankamulavulira. Iye anawayankha mwachidule n'kuyamba ulendo wa kumsewu. Atafika pa mtengo wa mkuyu kumapeto kwa mudzi anamva ndodo ikugogoda kumbuyo. Anali aNasakala, wefuwefu, ali okha.

Dorica anaima. Anaganiza kuti mwina tsopano kukubwera kupepesa kwenikweni, ndipo anadabwa kupeza kuti mtima wake ukukufuna.

ANasakala anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi, nkhope ili yofewa ngati ya mayi kwa mwana wake.

"Ndanena zonse monga munafunira, aNambewe. Za Selina mwasunga, Mulungu akudalitseni. Ezara uja mizu ndinali nditamupatsa kale tisanabwere, koma zimenezo zikhale. Tsopano poti zatha, tili awiri, tandiuzani. Mwamuna ujayo anali ndani?"

Dorica anamva ngati amuthira madzi ozizira. Zaka zisanu ndi zitatu, ana onse aja, mazira onse aja anaswedwa ndi dzanja lomweli, koma m'mutu mwa mayiyu simunasunthe kanthu. Njinga ananama, inde, koma ananamira chinthu chimene ankachikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo adzachikhulupirira mpaka m'manda. Dorica akanatha kulumbira pa Baibulo, pa manda a Obed, sizikanathandiza. Ndiye anawerama, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

"Mumamudziwa bwino, amayi. Mumamupatsa moni tsiku lililonse. Koma mudzafa osamudziwa dzina."

Anawasiya ali kakasi pansi pa mkuyu. Lolemba m'mawa anali m'wodi, akukalipira mayi wina wa ku Sinda chifukwa cha phala la madzimadzi.

ANasakala anakhala zaka zina ziwiri. A m'mudzimo amati nkhalambayo inasokonekera pang'ono chakumapeto: inkakhala pakhonde tsiku lonse n'kumayang'anitsitsa mwamuna aliyense wodutsa, aphunzitsi, akamwini ake, alongo ake enieni, ngakhale a Zakeyo. Inasiya kulandira chakudya kwa ena, inadana ndi ena popanda chifukwa, mpaka pakhomo pake panamera udzu. Uthenga wa maliro utafika kuchipatala mu 1963, Sisita anamuuza Dorica kuti atha kupita akaike apongozi ake akale. Dorica anati ali ndi ana atatu otupa, sangawasiye.